Chidole cha aNangondo Osambitsa Maliro

ANangondo, dzina la ubatizo Lufina, ndi mayi wamfupi wamatewe, wa konkuno ku Kasinje, kumunsi kwa chigwa cha Bwanje kumene dzuwa limakuwotcha ngati unalitukwanira amake. Amalima mpunga ku sikimu ngati wina aliyense, ngakhale mizere yawo imakhota, poti akamawokera pakamwa pamathamanga kuposa manja. Koma chimene ankatchuka nacho si mpunga ayi. Mzimayi akatsirizika m'midzi inayi yozungulira kuno, anthu asanayambe n'kulira komwe, wina ankayamba wathamanga kukaitana aNangondo kuti adzasambitse mtembo.

Anayamba ntchitoyi mwana woyamba ali kumsana, amuna awo ali ku Joni kumigodi. Gogo wina pamudzipo anamwalira m'dzinja, mtsinje utadzaza, mayi amene ankasambitsa maliro masiku amenewo ali tsidya linalo kwa mwana wake. Nanga mtembo ku Bwanje kuno ungadikire kuti madzi aphwe? Azimayi akuluakulu anangoti kakasi pakhomo, uyu akuti msana, uyu akuti chizungulire, wina mpaka kunena kuti ali kumwezi, chonsecho m'kamwa mwatsala dzino limodzi. Lufina anamasula mwana n'kupatsira mnzake, anatenga ndowa ndi sopo, n'kulowa. Atatuluka anapempha thobwa, n'kumwa chikho chonse. Kuyambira pomwepo ntchito inakhala yawo, zaka makumi anayi.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi, ndipo palibe amakuuza chifukwa aliyense amalidziwa. Zimene waona m'nyumbamo chitseko chitatsekedwa, umakalowa nazo m'manda mwako. Munthu amabisa thupi lake moyo wonse, zitenje ziwiri, pitikoti mkati, ndiye tsiku limene sangathenso kukoka nsalu yekha amadalira iwe. Chodabwitsa n'chakuti aNangondo ndi amiseche osasimbika. Nkhani ya munthu wamoyo akaitola m'mawa pa mjigo, pofika masana imakhala yafika ku Sharpevale itanenepa. Koma za akufa, zii. Ena ankawayesa dala, kuwagulira fanta n'kumawafunsa mozungulira ngati zinali zoona kuti malemu uje anapita ali ndi pakati. Fanta ankamwa, botolo n'kubweza, yankho osapereka.

Anali ndi anjira awo, a Janeti. Chinjira chimenechi anamanga ali atsikana, ubwenzi uja wopatsana mphatso, woti mwana wa mmodzi akamakwatiwa winayo ndiye wovutika ndi miphika, maliro akagwa kwa uyu woyamba kufika ndi uyo. A Janeti anali munthu wamanyazi moti n'kale lomwe palibe anawaonapo akusamba kumtsinje ndi anzawo. Ngakhale pobereka azamba ankachita kulimbirana nawo chitenje. Ndiye anawalumbiritsa aNangondo, osati kamodzi, kuti tsiku lawo likadzakwana pasadzapezeke munthu wina wowavula koma anjira okha. Chaka cha nkhani ino a Janeti anali atadwala m'mimba, kuchipatala atawabweza kuti azikadikira kunyumba. Anatha thupi lonse, koma kubafa ankakwawa okha, mwana wawo Regina osamulola kusuzumira. Aliyense ankaona kuti pangano lija layandikira.

Mwezi wa Okutobala, nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa ndi kutentha, kunatulukira galimoto ya Tracy. Tracy ndi mdzukulu wa malemu a Geoffrey, aja anabwera ku Joni ndi wailesi yaikulu ndi chifuwa chosatha. Mwanayu anabadwira ku Lilongwe n'kukaphunzira kunja, ati sukulu yopanga kanema. Anabwera ndi anzake atatu, makamera ndi makatoni, kudzajambula filimu kumudzi kwa agogo ake. Anthu anakondwa. Anyamata anayamba kuyeserera mateche kuseri kwa chigayo, atsikana kumangitsa tsitsi, aliyense akuyesa kuti ndi filimu ngati za ku vidiyo zija, wina akuba mkazi wa mwini, wina akumuthamangitsa ndi mfuti.

Ayi ndithu. Tracy anafotokoza kuti filimu yake ilibe ndewu, ilibe chibwenzi, ilibe n'kuyankhula komwe. Muli mzimayi mmodzi amene thupi lake lamuukira. Mpunga ukumera m'makutu, khungu likusendeka ngati la mbatata yophika, ndipo pamapeto akupeza chithupi chachikulu cha mzimayi chitagona m'munda, akuchiboola pamimba n'kulowamo. Ati zimenezi zikutanthauza kuvutika kwa azimayi. Azimayi ovutikawo anangoyang'anizana n'kubwerera kukatunga madzi. Ati ku Ulaya kuli misonkhano kumene anthu okhuta amakhala pansi n'kumaonera zoterezi, ndipo imene yanyansa kuposa zinzake ndi imene amaiwombera m'manja.

Chithupi chachikulucho anabwera nacho m'makatoni, zidutswazidutswa za labala zogula kunja. Anachilumikiza ndi guluu n'kuchigoneka pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Geoffrey. Koma amene anachipanga sanamvepo za Bwanje. Pofika tsiku lachitatu mabere anali atatsetserekera m'nthiti, nkhope itafika pakhosi, guluu akununkha moti ntchentche zonse za pa chiwaya zinasamukira komweko. ANangondo ankadutsa ndi khasu paphewa. Anaima, anachizungulira kawiri, anachitosa ndi chala chakuphazi, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi.

Tracy, maso ali psuu ndi kulira, anawafunsa chimene chikuwaseketsa.

"Iwe mwana wa kwa Geoffrey, munthu wakufa unamuonapo?"

Anati anaonapo pa zithunzi.

"N'chifukwa chake. Ichi si thupi, ndi matiresi. Munthu akagona chagada mimba siima chonchi, imagwera uku ndi uku. Ndipo mzimayi wa mchombo woterewu sanaberekepo ngakhale mbewa."

Wina atamunong'oneza Tracy kuti amene akuyankhulawa ndi ndani, mwanayo anangotsala pang'ono kugwada. Anawafunsa ngati angamuthandize kukonza. ANangondo anati labala sadziwana naye, koma dothi amalidziwa, poti amayi awo anali woumba mbiya ndipo iwo anakulira ku mtapo. Anati awapatse milungu iwiri, nsungwi, ndi anthu osenza dothi, basi.

Anamanga mafupa a nsungwi, dothi analiponda ndi mankhusu a mpunga kuti lisang'aluke, n'kuyamba kumata. Chinatalika ngati anthu awiri kugonekedwa molumikiza. Khungu analikulungiza ndi mwala, n'kulipaka mafuta ophikira osakaniza ndi katondo, moti kuchiona chapatali unkafuna kuchifunditsa chitenje. Tracy ankangozungulira, agogo apa, agogo apo. Chimene ankapempha n'chimodzi. Ankati thupilo lisakhale labwinobwino, likhale lachilendo, loopsa, thupi loti kulibe munthu anabadwa nalo.

Apa m'pamene panalakwika. ANangondo sanapite ku sukulu yopeka zinthu. Thupi loti kulibe akanalitenga kuti? Iwo anali ndi matupi mazana m'manja mwawo, aja anawatembenuza, kuwapukuta ndi kuwaveka. Ndiye Tracy akati agogo onjezani chachilendo, dzanja linkangopita lokha. Pansi pa nkhwapa yakumanzere linaumba kabere kachitatu, kakang'ono ngati nthudza. Pamimba linalemba chipsera cha opaleshoni chokhota ngati njira ya munthu woledzera, chokhala ndi kamphanda kumapeto. Mkati mwa ntchafu linatema mphini zisanu ndi ziwiri, zija amatema asing'anga kwa mkazi wofuna kuti mwamuna asamayendeyende. Njerewere zitatu pa thako, zondondozana. Ndipo pamsana, pakati pa mapewa, linadinda simbi ya makala, yonse ndi nsonga yake, kawiri.

Tracy ankadumpha ngati mbuzi yomasulidwa. Ankati sanaonepo katswiri ngati ameneyu, akufunsa kuti maganizo oterewa amawatenga kuti. ANangondo ankangomwetulira, mapewa m'mwamba. Mumtima mwawo munalibe chowatsutsa. Kukamwa sanatsegule, dzina la munthu sanatchule, ndipo chidolecho chinali chimodzi, chopanda mwini. Tracy ndi anzake anajambula masiku khumi. Mtsikana wa ku tauni amene ankasewera filimuyo anamata mpunga womera m'makutu, anameza ndi kulavula matumbo a mbuzi mpaka anasiyiratu kudya nyama. Atatha, anapakira n'kumapita.

Anabweranso patatha milungu isanu kudzaonetsa, ati eni mudzi ayambe ndiwo kuona. Anabwereka nyumba ya vidiyo ya pamsika, tsiku la msika masana, mazenera atatsekedwa ndi masaka, mkatimo fungo la thukuta ndi usipa. Kulowa kunali kwaulere, ndiye kunabwera ngakhale anthu amene amati vidiyo ndi ya satana. Akuluakulu anawakhazika kutsogolo. ANangondo anavala chitenje chatsopano n'kukhala pa benchi yoyamba, chibwano m'mwamba. A Janeti sakanatha kubwera, koma Regina analipo.

Filimuyo, abale, kaya. Inayamba ndi phazi. Phazi lokha, m'matope, kwa nthawi yoti mbatata n'kupsa. Kulira kwa udzudzu osalekeza, moti anthu ankadziwomba m'makutu. Kenako mtsikana uja anayamba kuzula mpunga m'khutu, ukutuluka ndi mizu yake ndi magazi. Anadzisenda khungu la pamkono n'kuliyanika pa chingwe ngati malaya. Anakhala pansi n'kuyamba kukoka matumbo kuchokera m'kamwa, kukoka, kukoka, osatha. Wogulitsa nyama anakuwa kumbuyo kuti amenewo ndi a mbuzi yake, ndipo sanatsukidwe bwino. Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina anatuluka kukasanza, n'kubwerera msanga kuopa kuti malo amulanda. Tracy anaima pakona manja atapinda, nkhope ngati ali pa mgonero.

Kenako panaoneka chidole chija chitagona m'munda. Poyamba anthu anawomba m'manja, ena akuwagwedeza aNangondo paphewa. Koma kamera ya Tracy siyenda ngati maso a munthu waulemu. Inayamba kukwawa pathupipo ngati nyerere, pang'onopang'ono, kulowa paliponse, ndipo chilichonse chinkadzaza chinsalu chonse. Chiseko chinayamba kuzima benchi ndi benchi. Pamene panaoneka chipsera chokhota chija, mayi wina wa kutsidya anagwira pakamwa, anadzuka n'kutuluka akulira, poti amayi ake anamwalira chaka chapitacho ndipo chipseracho ankachipaka mafuta ndi iyeyo. Pa mphini zija, nkhalamba ina yaimuna inayamba kuwerenga ndi chala, itafika pa zisanu ndi ziwiri inavula chipewa.

Kamera inakwera n'kulowa m'khwapa. Kabere kachitatu kaja kanaoneka kakulu ngati dzungu. M'nyumba monse munali chete, udzudzu wa mufilimu wokha. Ndiye a Cosmas, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri amene mpaka lero amapaka tsitsi kiwi, anapumira m'mwamba n'kunena motsitsa, koma momveka mpaka kukhomo:

"Aa, Hannah."

Hannah anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo sanali mkazi wa a Cosmas. Amuna ake anali atakhala benchi yachiwiri, kumbuyo kwawo kwenikweni. Anangowerama n'kuyang'anitsitsa pankhongo pa a Cosmas, ndipo a Cosmas sanatembenuke mpaka filimu kutha, khosi lili gwa ngati lomangidwa ndi thabwa.

Chomaliza chinali msana. Simbi ija itaoneka, a Elson, mkulu wa mpingo amene amapemphera motalika kuposa abusa, anaimirira n'kunena kuti izi ndi zonyansa zosayenera Akhristu, ndipo aliyense woopa Mulungu atuluke. Anatuluka okha. Mwana wawo wamkazi anatsala pomwepo, maso ali pa chinsalu, osaphethira. Iye ankadziwa kuti malemu amayi ake sankavula bulauzi ngakhale potentha chotani, koma chifukwa chake anachidziwira mu vidiyo ya pamsika. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pa bambo ake.

Filimu itatha palibe anawomba m'manja. Anthu anatuluka mwakachetechete ngati akuchokera kumanda, aliyense akupewa maso a mnzake. ANangondo anatsala pa benchi ndi chitenje chawo chatsopano, akudikira kuti wina awayamikire. Amene anaima pamaso pawo anali Regina. Anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumanja, n'kumapita.

Mlandu sunazengedwe. Nanga akanadandaula ndani? Kudandaula kukanakhala kuvomera kuti njerewere zija ndi za kwanu. Anthu anangochita zimene amachita anthu a kuno akakwiya, kupereka moni wabwinobwino. Patapita milungu itatu kunamwalira mayi wina m'mudzi woyandikana nawo. ANangondo anamva kulira, anatsuka beseni lawo, anamanga duku, n'kukhala pakhonde kudikira wowaitana. Dzuwa linakwera. Anapita okha, n'kupeza chitseko chotseka, mkati muli azimayi awiri a mpingo amene sadziwa n'komwe kuti munthu umayamba kumusambitsa kuti. Mayi wina anawalonjera mwaulemu kwambiri, n'kuwapatsa mpeni ndi lichero la kabichi.

Anadula kabichiyo ngati akudula munthu. Ankafunsa aliyense amene wakhala pafupi kuti iwo ananena chiyani, anatchula ndani, amene anatchula dzina pagulu si a Cosmas kodi? Azimayi ankangoti ee, n'zoona, n'kusuntha ndi malichero awo. Maliro achiwiri zinali chimodzimodzi.

Tracy atamva anabwera pa basi, kudzapepesa. Anati sankadziwa, anati akhoza kudula malo amenewo. Koma filimuyo inali itapita kale ku Ulaya, ndipo ati kumeneko anthu anaimirira powomba m'manja, akufunsa kuti wosema ameneyu ndi ndani. ANangondo anamuuza kuti adule kaya asadule, maso a anthu a ku Kasinje sangawadule. Sanamukalipire. Anamupatsa mango n'kumuperekeza pa msewu. Chidole chija mvula yoyamba inachisungunula pansi pa mtengo pomwepo, nsungwi zake anthu n'kukamangira khola la nkhunda.

Zonsezi akanapirira. Chimene chinkawadya ndi a Janeti. Regina anasiya kuwalowetsa m'nyumba. Akabwera ndi phala, ankalilandirira pakhomo n'kunena kuti amayi agona. Tsiku lina anawauza mosapsatira kuti nthawi ikakwana amayi ake adzasambitsidwa ndi azimayi a mpingo, iye sakufuna kudzaona ziwalo za amayi ake pamsika. ANangondo anabwerera ndi mbale yawo.

Masiku amenewo ankakhala pakhonde n'kumayang'ana manja awo. Anayesa kukwiyira Tracy, anayesa kukwiyira kamera, koma zinkabwerera pomwepo. Zaka makumi anayi analondera pakamwa ngati mlonda wa pa sitolo, osadziwa kuti katundu akutulukira kuseri. Za simbi ya a Elson zokha sanamve nazo chisoni, ndipo akanati aumbenso akanaidinda katatu. Koma Hannah anawalakwira chiyani? Mayi wa mphini uja, amene anangofuna kuti mwamuna wake azigona pakhomo, anawalakwira chiyani? Ndipo tsopano anjira awo, munthu amene anabisa thupi lake ngakhale kwa azamba, adzavulidwa ndi azimayi awiri amanjenje amene pofika madzulo adzakhala atauza amuna awo.

Mu Januwale, nthawi yowokera, mudzi umatsala ndi nkhuku ndi odwala. ANangondo anadikira mpaka anamuona Regina akutsika ku sikimu ndi mtolo wa mbande pamutu. Anasiya munda wawo, anadzera kuseri kwa nthochi, n'kukankha chitseko cha a Janeti popanda odi.

Anawapeza ali pamphasa, atatsala mafupa ndi maso. Maso ake anali omwe aja.

"Mwabwera, anjira? Ndimayesa mwapita ku Ulaya."

ANangondo anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza, koma a Janeti anawadula, anati zonse anamva, makoma a nyumbayi ndi opyapyala. Anafuna kudziwa chimodzi chokha, ngati n'zoona kuti a Cosmas anatchula Hannah amuna ake ali kumbuyo. Atamva kuti n'zoona anaseka mpaka kugwira pamimba, misozi ikutsika, akuti iwo anadziwa kalekale, Hannah ankapita kokatola nkhuni kopanda mitengo. Kenako anafunsa:

"Nanga ine munandiikapo chiyani pa chidole chanucho?"

"Inu simunafe, anjira."

"Ndikafa?"

Apa aNangondo akanatha kulumbira, kutchula Mulungu ndi malemu amayi awo. Anayang'ana pansi.

"Sindikudziwa. Pakamwa panga ndimapadziwa. Manjawa ndi amene andichititsa manyazi."

A Janeti anatseka maso, moti aNangondo anayesa kuti agona. Kenako anawauza kuti akatereke madzi. ANangondo anafunsa ngati akufuna tiyi. Anati ayi, madzi a ndowa yonse, atenge ndi sopo ali pawindo, ndi diresi yoyera ili pansi pa sutikesi. Anati akufa aja sanathe kuwayang'ana m'maso aNangondo, n'chifukwa chake anawaumba. Iwo akufuna asambitsidwe lero, akuona, kuti aone ngati munthu angaumbe mnzake amene anamuyang'ana.

ANangondo anatereka madzi. Anapiringidza chitseko ndi mtondo. Anayala mkeka wina, anawanyamula a Janeti, opepuka ngati mtolo wa mapesi, n'kuyamba monga amayambira nthawi zonse, kumutu. Pa ntchito imeneyi iwo ali ndi chizolowezi choyankhula ndi mtembo, kuuuza nkhani zonse za m'mudzi kuti usapite uli mbuli. Ndiye anayamba, osazindikira n'komwe, za mkamwini wa uje amene anagulitsa feteleza wa apongozi. Anadzidzimuka mtembo utayankha kuti si feteleza, ndi mbewu.

"Madziwa azizira," anatero a Janeti. "Ndipo mukukhula ngati mukutsuka mphika. Anthu onse aja munkawachita chonchi?"

"Sanadandaulepo."

Atafika pa chitenje chamkati, manja a aNangondo anaima. A Janeti anamasula okha mfundo, maso ali pa anjira awo. Chimene chinali pamenepo ndi cha awiriwo. ANangondo anayang'ana, n'kubweza maso kwa mwini wake.

"Mwaona?"

"Ndaona."

"Ndi zimenezo. Zaka zonsezi."

ANangondo anaviika kansalu, n'kusambitsa pamenepo mofatsa ngati posambitsa khanda. Anawapukuta, anawadzoza mafuta, anawaveka chitenje chatsopano mkati n'kumanga mfundo yawo ija imene simasuka, diresi yoyera pamwamba. Dzanja, mwa chizolowezi, linatenga kansalu komangira chibwano. A Janeti analimenya.

"Chimenecho dikirani."

Chitseko chinagwedezeka. Regina anali atabwerera, wina atamutsina khutu ku sikimu. Anamenya chitseko, akufunsa kuti muli ndani, akuti aitana anthu. A Janeti anauza aNangondo kuti achotse mtondo. Regina analowa matope ali m'miyendo, n'kupeza amayi ake atagona mwaudongo mu diresi ya m'bokosi, akununkhira sopo, maso ali tong'o. Mwanayo anakhala pansi pomwepo.

A Janeti sanakweze mawu, analibenso mawu okweza. Anamuuza kuti iwo asamba, ndipo kusamba kwake n'komweku. Tsiku likafika adzawapukute kumaso ndi kumapazi, chibwano adzamange, koma mfundo ili mkatiyi munthu asadzaikhudze, kaya wa mpingo kaya wa kumwamba. Anamuuza kuti abwereze. Regina anayang'ana aNangondo, amene ankafinya kansalu ngati sizikuwakhudza, anayang'ana amayi ake, n'kubwereza.

A Janeti anakhala masiku awiri mu diresi imeneyo, akukana phala kuopa kuidetsa. Tsiku lachitatu m'mawa, anthu akupita ku sikimu, anatsirizika.

Palibe anathamanga kukaitana aNangondo. Anabwera okha, woyamba kufika, n'kukhala panja pafupi ndi khomo. Azimayi awiri a mpingo aja anafika ndi ndowa zawo, madzi akufuka, manja a malaya atapinda. Regina anawatsogolera mkati n'kutseka chitseko, koma nyumba ija makoma ake ndi opyapyala, ndipo onse okhala pakhonde anamva.

"Kumaso ndi kumapazi kokha. Amayi anasamba kale."

Mmodzi anayamba kunena za mwambo, kuti munthu sapita chonchi. Regina anabwereza mawu omwewo, ndipo ulendo uno sanawonjezere ulemu. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, azimayi aja anatuluka ndi ndowa zodzaza, madzi akadali otentha, osadziwa kuti apite nawo kuti. ANangondo anawalozera kwa azimayi ophika, kuti kumeneko akufuna madzi otsukira mbale.